Mtengo wa amai pa famu ya abulazala

Atate anga alibe mudzi. Ndikanena zimenezi kuno ku Kanyama, komboni ya mu Lusaka, anzanga amaseka, amati palibe munthu wa kum'mawa wopanda mudzi, koma ndi zoona. Iwo anafika pa famu ya abulazala ali khanda, chaka cha njala, ali kumsana kwa mayi wina amene sanawabale, ndipo palibe amene anabwera kudzawafunsa. Anakulira pomwepo, anakwatira pomwepo, ifenso tinabadwira pomwepo. Choncho ife tikati kwathu, tikunena famu imeneyo.

Abulazala anali amuna odzipereka kwa Mulungu, osakwatira, okhala pamodzi m'nyumba yaitali ya njerwa zowotcha. Sanali ngati ansembe oyenda m'midzi. Yawo inali kupemphera ndi kulima, ndipo mawu pakamwa pawo anali ochepa. Atate amati oyambawo anapeza malo aja ali thengo la masuku ndi zulu, malo amene anthu anali atawasiya chifukwa chosowa madzi. Anaumba njerwa okha, anatseka kamtsinje n'kupanga damu, anakumba ngalande yotsikira m'minda. Pamene ine ndinkayamba kuzindikira zinthu, panali ng'ombe za mkaka, ming'oma ya njuchi, chigayo, shedi ya akalipentala, ndi mzere wa nyumba za ife antchito kumunsi kwa damu. Masana belu likalira aliyense ankaima pomwe ali, wa khasu ndi khasu lake, wa ndowa ndi ndowa yake pamutu, mpaka pemphero lithe. Ngakhale ng'ombe zokoka ngolo zinazolowera, zinkaima zokha.

Atate ankagwira ntchito ku nazale, kumene ankafesa mitengo ya zipatso. Lalanje lililonse la pa famu paja linadutsa m'manja mwawo. Ankayamba ndi njere ya ndimu, chifukwa muzu wa ndimu ndi wolimba, suopa chilala. Kamtengo kakanenepa ngati chala, ankakacheka ndi lumo, n'kulowetsamo diso la lalanje, n'kumanga bwinobwino. Ndiko kumezanitsa kumeneko. Pamwamba pankakula lalanje, pansi pankatsala ndimu. Tikamadya ankatiuza kuti, "Malalanje mukutsekemera nawowa akuyendera miyendo ya ndimu." Ife tinkangoseka, madzi akuyenderera m'zigongono.

Mitengo imeneyo inali ndi ntchito ina imene anthu a m'midzi yozungulira ankadabwa nayo. Pa famu paja munthu akamwalira sankamuikira mwala. Abulazala ankati munthu wasenza kale zolemera ali moyo, sitingamusenzetsenso mwala atagona. Ankazika mtanda wa thabwa, umene chiswe chinkadya posachedwa, ndipo kumutu ankabzala lalanje. Abulazala ankagona kumtunda, ife antchito kumunsi, koma munda unali umodzi ndipo ngalande inali imodzi. Munthu wapabanja akatsogola, pambali pake ankasiya mpata wopanda mtengo, wodikira mnzake. Ukayang'ana mzere, mipata imeneyo inkakuuza amene adakali moyo. Zipatso zake zinkapita kwa odwala kuchipatala. Ife ana sitinkawaopa manda amenewo. Tinkadutsamo popita kusukulu, ndipo tinkadziwa kuti mtengo uwu ndi wa bambo wa ku chigayo, uwo ndi wa bulazala wa njuchi.

Amai anamwalira ine nditangomaliza pulaimale, ndipo sukulu yanga inathera pomwepo chifukwa ang'ono anga anafunika wowaphikira. Atate anasankha okha kamtengo ku nazale, anakanyamula okha, anakabzala pamene ngalande imakhota, kuti amai asadzasowe madzi. Atamaliza anayeza ndi mapazi mpata wa pambali pake, n'kuzula udzu umene unalipo. Tonse tinaona.

Abulazala sanathawe, ndipo palibe anawathamangitsa. Anangotha pang'onopang'ono. Okalamba ankagona mmodzimmodzi, mitengo ya kumtunda ikuchuluka, koma anyamata obwera kudzalowa anali ochepa, ndipo ena ankabwerera kwawo. Ng'ombe zinagulitsidwa, chigayo chinaima. Otsalawo akuluakulu awo anawasamutsira ku nyumba ina kutali. Tsiku lochoka anatsitsa belu n'kulikweza m'lole, atalikulunga m'mabulangete ngati wodwala. Famu anaibwereketsa kwa munthu wina wolima fodya, amene anadula masuku onse kuti aziumitsira fodya wake. Iyenso anachoka, ndipo panapita zaka udzu ukumera m'tchalitchi, antchito akale akungolima timinda todyera. Kenako tinamva kuti famu yagulidwa ndi bwana wina wa kuno ku Lusaka, amene sitinamuonepo nkhope. Anazunguliza waya, ndipo antchito akale anauzidwa kuti nyumba zikufunika. Amene anali ndi midzi anapita kumidzi kwawo. Atate anabwera kwa ine, poti ndinali nditakwatiwa kale kuno, ali ndi chikwama chimodzi ndi lumo lawo la ku nazale lokulunga m'kansalu.

Ndimathokoza Mulungu kuti ndili nawo. Anzanga ambiri makolo awo anamwalira iwo ali kutali, ine ndimawaona m'mawa uliwonse, ndimawatenthetsera madzi osamba. Amuna anga sanadandaulepo ngakhale tsiku limodzi. Koma nyumba yathu ndi ya lendi, zipinda ziwiri, ndipo khoma la aneba lili pafupi moti ukatambasula mkono pakhomo umatsala pang'ono kuligwira. Pansi pa Kanyama pali mwala. Mvula ikagwa madzi salowa m'nthaka ndipo alibe kopita, amangokhala nafe. Timakweza mabedi pa mabuloko, makala timapachika, ndipo popita kumsika timadumpha pa miyala ndi matumba a mchenga. Atate miyendo yawo inatupa, sangadumphe. Nyengo yonse ya mvula satuluka. Amakhala pa mpando pakhomo, munthu amene anazolowera kuona kuyambira ku damu mpaka kuphiri, akuyang'ana khoma la mabuloko ndi madzi obiriwira.

Masana akakwana amaimirira movutikira, atagwira chitseko, n'kuvula chipewa. Mwana wanga wamkazi, wobadwira kuno, amene amagulitsa salaula, zovala zakale zija za pamsika, ndiye amakonda kuwaputa.

"Agogo, mwaimilila futi? Kulibe belu kuno, iyo ni honi ya minibasi."

Iwo amayamba amaliza pemphero, kenako n'kumuyankha. "Iwe wa m'tauni, makutu ako anagontha ndi nyimbo za m'mabala. Ine ndalimva."

"Ni njala chabe mwamvela, agogo. Kambani tikupaseni vakudya."

"Ukadzakwatiwa ndidzauza apongozi ako kuti pakamwa pako palibe chitseko."

Amaseka onse awiri, ndipo ine ndimathokoza chifukwa cha kuseka kumeneko.

Mvula ina kunamwalira mkulu wina wa pafupi nafe. Maliro anatuluka pa mapewa mpaka pamene lole ingafike, chifukwa cha madzi, ndipo tinakamuika ku manda a mzinda, kutali. Nditabwera ndinapeza atate ali pamalo pawo pomwe paja. Anadikira kuti ndisambe m'manja, kenako anandiitana.

"Mwananga, khala pansi. Kumene mwapita leroku, munthu amagona pafupi ndi yani?"

"Ndi amene wamwalira masiku omwewo, atate. Maenje amakumba pamzere."

"Ngakhale sadziwana?"

"Ngakhale sadziwana."

Anayang'ana khoma lija. "Ine malo anga alipo," anatero. "Ndinayeza ndekha. Upite ukandipemphere kwa mwini watsopano. Ukamuuze kuti sindikufuna munda, sindikufuna nyumba, ndi mpata wanga wokhawo. Ndipo ukanditengere chipatso chimodzi cha mtengo wa amako, ndione ngati akuwathirira."

Ndinavomera, chifukwa zinthu zotere sukana. Koma mumtima ndinali ndi mantha, ndipo miyezi yonse yodikira kuti mvula ithe ndinkapemphera chinthu chimodzi, kuti Mulungu afewetse mtima wa munthu amene sindimudziwa. Atate tsiku ndi tsiku ankandiphunzitsa zokanena. Ndikagwade. Ndisakayambe ndi pempho, ndikayambe ndi moni ndi kufunsa za mbewu. Ndikanene kuti iwo ndi amene anamezanitsa mitengo yonse, koma ndisakanene modzitama.

Ndinanyamuka nyengo yozizira, pamene malalanje amapsa. Basi inanditsitsa pamsewu waukulu, ndipo njinga yonyamula anthu inandifikitsa pa geti. Kale panalibe geti. Mlonda anali munthu wa dera lina, ndipo nditamuuza kuti ndabwera kudzaona manda a amai anga, anandiyang'ana ngati ndasokera.

"Manda? Amai, pano ndi pa famu. Mwina mukufuna kumudzi uko."

"Ndi pompano, bambo. Ndinabadwira pano."

Anaitana kapitawo, mnyamata wamkulu ndithu, wovala majombo, waulemu. Kapitawoyo anandipatsa moni ndi manja awiri. Ndinayamba monga atate anandiuzira, ndinafunsa za mbewu, iye anati soya anachita bwino. Kenako ndinamufotokozera za abulazala, za mitengo, za mipata. Ankamvetsera osandidula, koma nkhope yake inkasintha.

"Amai, ine ndinapeza munda wa malalanje okalamba," anatero. "Palibe mwala, palibe mtanda. Palibe anandiuza."

"Mitengoyo ndiyo inali miyala yake, bambo."

Anangoti tiyeni, ndipo tinayenda.

Tchalitchi linalipo, koma zitseko anakulitsa kuti thirakitala izilowa, ndipo mkati munali matumba a feteleza mpaka pamene panali guwa. Nyumba yaitali ya abulazala anaipaka utoto wowala, akuti mumagona alendo a bwana. Nyumba zathu za antchito zinalipo zina, zina zinagwa. Pakhomo pa imene inali yathu panali mayi wina akuchapa, ndipo anandipatsa moni ngati mlendo. Ndinamuyankha bwino. Si iye analakwa.

Titafika kumene kunali munda wa malalanje ndinaima. Kunali poyera. Nthaka yofiira yolimidwa, mapesi a soya, mpaka kumtunda kumene kunkagona abulazala. Kapitawo anati mitengo inali itakalamba, inali ndi matenda, bwana analamula kuti idulidwe ndipo zitsa zizulidwe. Ankalankhula motsitsa mawu.

Ngalande inali youma, yodzaza udzu, koma inali isanakwiriridwe. Ndinaitsatira ndi mapazi monga ndinkachitira ndili mtsikana, mpaka pamene imakhota. Pamenepo panali thanki yaikulu ya madzi, itakhala pamwamba pa miyendo yachitsulo, miyendoyo itazikidwa mu simenti. Pafupi penipeni ndi simentiyo panali chitsamba chobiriwira cha minga, chophukira pa chitsa chakuda. Chinali chitsa chokhacho m'munda monsemo.

"Ichi chinatsala bwanji?" ndinafunsa.

"Thirakitala singayandikire, ingagunde miyendo ya thanki."

"Nanga thankiyi munaiikiranji pano?"

"Tinaiika mitengo isanadulidwe, amai. Tinayenda mzere wonse kufuna poyera, ndipo tinapeza pano. Tinkati mtengo wina unafa."

Ndinagwada pamenepo. Paipi ya thanki inkadontha pang'onopang'ono, ndipo nthaka ya pa chitsa inali yonyowa, inandinyowetsa chitenje m'mawondo. Ndinapempherera amai, ndinapempherera abulazala ndi anthu onse ogona pansi pa mapesi aja, amene ndinkawadziwa mitengo yawo. Nditatsegula maso ndinaona kapitawo atavula kapusi.

Ndinapempha ndithu, chifukwa ndinatumidwa. Ndinanena mawu onse a atate, kuti safuna munda, safuna nyumba. Ndinawonjeza anga, kuti ngati pa simenti sizingatheke, ngakhale mbali inayo ya chitsa.

"Amai, ndakumvani, ndipo mtima wanga wawawa," anatero. "Koma ndisakunamizeni. Bwana sangalole maliro kulowa pa geti ili. Ndiponso ndikupempheni, musauze antchito anga zimene mwandiuzazi. Akamva kuti akulima pamanda, mawa ndidzuka ndili ndekha."

"Nanga atate ndikawauze chiyani?"

"Sindidziwa, amai."

Pa chitsamba chija panali zipatso zingapo, zachikasu, za khungu lokhakhala. Analowetsa yekha dzanja m'minga n'kundithyolera chimodzi, ndipo ndinaona kuti zamukala pamkono. Ndinamuthokoza. Anandiperekeza mpaka pa geti, n'kuuza mlonda kuti mayi awa akadzabweranso adzawatsegulire. Chimenechonso ndimathokoza.

Mu basi njira yonse ndinkakonza mawu. Ndinkati ndiyambe ndi ulemu wa kapitawo, ndinene za damu kuti likadali ndi madzi, kenako ndifike pa zinazo mwapang'onopang'ono. Koma nditalowa pakhomo atate sanafunse za ulendo. Anangotambasula dzanja. Ndinamasula pa mfundo ya chitenje n'kuwaikira chipatso chija m'manja.

Anachiyendetsa chala pakhungu. Anachikanda ndi chikhadabo n'kununkhiza.

"Anadula," anatero.

"Anadula, atate."

"Pansi penipeni."

Mwana wanga anali pomwepo, akusanja zovala zake za malonda. "Agogo, si munakamba ati ni lalanje? Iyi ni ndimu."

"Ndi mtengo womwewo, mdzukulu wanga. Ukadula pamwamba, lalanje limaphukanso. Ukadula pansi pa pamene ndinamanga, lalanje latha, yatsala miyendo. Miyendoyo ndiyo yabala ichi."

Mtsikanayo sanawaputenso. Anasiya zovala n'kukhala pansi pafupi ndi mpando wawo.

"Nanga mpata wanga?" anafunsa atate.

Mawu onse a mu basi anandithawa. Ndinawauza mmene zinalili, za soya, za thanki, za simenti, za yankho la kapitawo. Sindinabise kanthu. Anamvetsera maso ali pa ndimu.

"Thankiyo ikudontha?"

"Ikudontha, atate."

"Ndiye amako akumwa."

Masiku otsatira ankadya pang'ono, ndipo masana akakwana sankaimirira. Ankangokhala chipewa chili kumutu, ndimu ili m'thumba la jekete. Ine ndinachita mantha kuposa pamene ndinali pa geti paja. Ndinkawaitana kuti tipemphere, ankati pemphera iwe, ndikumva. Ndinauza amayi a m'gulu lathu la mapemphero, anabwera kudzaimba pakhomo, atate anawathokoza mwaulemu, koma maso awo anali pa khoma.

Ndimu itayamba kufota, m'mawa wina anandipempha mpeni. Anaidula pakati, anachotsa njere n'kuziyanika pa chivundikiro cha poto, ndipo madzi ake anafinyira m'tiyi wawo n'kumwa onse. Kenako anati ndiwapezere chitini ndi dothi. Dothi labwino ku Kanyama ndi lovuta. Mnzanga wina wa ku Mtendere ndiye anandibweretsera m'kathumba, ndipo amuna anga anaboola pansi pa chitini cha mafuta ophikira ndi msomali. Njere zinamera zingapo, atate anasiya imodzi yamphamvu. Tsiku limene kamtengoko kanatulutsa masamba, masana anaimirira n'kuvula chipewa.

Mvula inabweranso, madzi analowanso m'nyumba. Pokweza mabedi pa mabuloko tinakwezanso chitini. Dzuwa likatuluka atate amachikankhira pakhomo, pa kampata kamene kuwala kumafika pakati pa khoma lathu ndi la aneba, ndipo kuwalako kukasuntha iwonso amasuntha chitini. Kubzala pansi sitingathe. Nyumba si yathu, ndipo pansi pake ndi mwala. Ndinafunsa anthu ngati ku manda a mzinda amalola kubzala mtengo. Ena akuti amalola, ena akuti amazula, ena akuti ngakhale ubzale ndani azikathirira kutali konse kuja. Mpaka lero sindidziwa.

Kamtengo katanenepa ngati chala, ndinafuna kuwasangalatsa. Mayi wina wa m'gulu lathu amagwira ntchito kumayadi, pa nyumba imene pali lalanje, ndipo anandipemphera kanthambi kwa abwana ake. Ndinakabweretsa nditakakulunga m'nsalu yonyowa monga atate ankachitira kale. Ndinatulutsa lumo lawo la ku nazale, ndinadula timizere ta pulasitiki ya buledi tomangira, n'kuika zonse pa mpando pafupi nawo.

"Atate, manja anu akunjenjemera, koma mundiuze pocheka, ine ndicheka."

Anatenga kanthambi kaja n'kukayang'ana bwino. Anati ndi kabwino, maso ake ndi okhwima, mayi uja anadziwa kusankha. Kenako anakabweza m'nsalu. Lumo analipukuta pa buluku, analikulunga m'kansalu kake, n'kundipatsa m'manja.

"Sunga, ndi lako tsopano. Koma kamtengo aka usakacheke."

"Atate, kakakhala chonchi kadzabala ndimu."

"Ndikudziwa. Amako tsopano ndi ndimu. Ine ndikagone kumene mudzandiike, pafupi ndi amene ndidzapezane naye, ndikhale lalanje ndekha? Ayi. Kasiye kakhale momwe kalili. Akumanda akadzakulola ubzale kumutu kwanga, akadzakana ubwere nako kunyumba."

Ndinati chabwino, atate. Ndinaika lumo m'chikwama mwanga mmene ndimasunga kolona. Kuwala kunali kutachoka pa chitini, ndipo iwo anawerama n'kuchikankha ndi manja onse awiri, kufupi ndi khoma la aneba.